Mvula ikangogwa magetsi akumathima nyumba yonse, kodi vuto ndi misomali ya pa mapolo?

MlimiWaMponela

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Mu Ogasiti ndinakoka magetsi kuchoka m'nyumba kupita ku khola la nkhuku zoyera kuseri, mtunda wake ndi mamita 35 kapena kuposerapo pang'ono. Anandipangira ndi mnyamata wina amakonza mawailesi ndi mafoni pamsika, tinadula mabulugamu atatu kudimba nkudzika, iye anakhoma misomali iwiri ya 6 inchi pa polo lililonse, waya wofiira anakulunga pa msomali wina wakuda pa msomali winawo, waya wake ndi uja wa 2.5 timalowetsa m'mapaipi m'nyumba uja. Miyezi yonse yotentha ija zimayenda bhobho, anapiye magulu awiri ndakulitsa popanda vuto. Koma chiyambireni mvula ndi mavuto okhaokha, ikangowaza pang'ono kaswitchi ka earth leakage, kaja kamazimitsa magetsi akamathawira pansi, kagwa nyumba yonse mdima, ndikakakweza kagwanso, mpaka dzuwa liwale kaye. Dzana mwana wanga anatsamira polo lapakati akuti linamuluma, ndinamukalipira kuti ndi nyerere koma usiku sindinagone. Mayunitsinso akutha ngati madzi a m'dengu. Mayi a kunyumba akuti vuto ndi loti sitinaike timabotolo tija timakhala pa mapolo a ESCOM, ine ndimayesa tija ndi ta magetsi akuluakulu okha. Kodi ndi zoona? Dzina lake ndi chani ndikafunse ku hardware ku Lilongwe?

Amfumu_a_Pulayazi

Achimwene musanawerenge zambiri pitani kaye mukazimitse breaker yopita ku kholayo, mubwere muwerenge bwino. Mwanayo sananame ndipo sizinali nyerere.

Mayi akunyumba alondola. Timabotolo mukunenato ndi mainsuleta, amene amagwira pa magetsi a m'nyumba a 230 volts ndi aja timati shackle, ena amati bobbin, kooneka ngati kachitsulo kokulungira ulusi wa telala koma ndi ka dothi lootcha ngati kapu ya tiyi, kali ndi mzere pakati pomwe waya amagona, ndiye kamalowa mu chitsulo chopindika timati D-iron ndi bawuti yodutsa pakati, D-iron yo ndi imene imamangidwa ku polo. Waya sakhudza chitsulo olo mtengo, amangokhudza dothi lija basi, ndipo samakulunga waya weniweniyo ayi, amamugoneka mumzere nkumumanga ndi kawaya kena kapadera.

Chomwe chachitika kwanu ndi ichi. Waya wa 2.5 uja chikopa chake ndi PVC, anapangidwira kukhala mu paipi mumdima, dzuwa la Okutobala limamuumitsa mpaka kuchita ming'alu ngati chidendene. Kuonjezera apo mphepo ikamawomba waya amagwedezeka nkumadzicheka yekha pa msomali, pang'onopang'ono, mpaka kopa kukhudza msomali. Nthawi yotentha simunaone kanthu chifukwa bulugamu wouma salola magetsi kudutsa kwenikweni, amakunamizani kuti zili bwino. Pano mtengo wamwa madzi, magetsi akuchoka pa msomali kutsika ndi polo kulowa pansi, earth leakage yanu imagwa ikaona kuti magetsi opita ndi obwerera asiyana ndi 30 mA (ma milliamp 30, kadontho chabe ka magetsi), ndiye ikugwira ntchito yake ndithu, ndi imene yapulumutsa mwanayo.

Koma za mayunitsi musanamizire misomali. 30 mA pa 230 volts ndi mawatsi 7 okha, tsiku lathunthu safika ndi kotala ya yunitsi. Mwaika mababu angati ofunditsira anapiye? Ngati ndi anayi a 100 watts oyaka usana ndi usiku ndi mayunitsi 9.6 pa tsiku, wakuba wanu ndi ameneyo.

kaNdege265

kkkkk mababu ndiye akuba eti. Koma madala mukuopseza munthu mopyola, kwathu ku Ntcheu anthu amangodula khosi la botolo la Fanta nkulowetsa pa msomali, ena kachidutswa ka hose pipe kapena mphira wa tayala, zaka ndi zaka zikuyenda. Ngati kaswitchiko kakuvuta muuzeni mnyamatayo akalambalale basi, nyumba zambiri zakale mulibemo ndi komwe ndipo anthu ali moyo

Amfumu_a_Pulayazi

Aise zolambalala earth leakage zo usamauze anthu olo mocheza. Kuzula belu la galimoto sikukonza mabuleki. Ukachotsa kaswitchiko polo lija likhala la moyo mvula yonse, palibe chozimitsa, breaker wamba imadikira ma amps ambiri isanagwe pomwe mtima wa munthu umasokonezeka ndi kachigawo kakang'ono ka amp imodzi. Mwana wopanda nsapato pa dothi lonyowa ndi earth yabwino kuposa polo.

Khosi la botolo ndavomera ndi galasi ndipo galasi sililola magetsi, koma ndi losalala mowongoka, madzi akayenderera kuchoka pa waya kufika pa msomali njira yatseguka kale, komanso m'mphepete modulamo ndi mpeni, mukudula chikopa cha waya chomwecho. Mphira wa tayala nde ayi ndithu, muli mawaya achitsulo mkati ndipo kuda kuja ndi kaboni, suli ngati mphira wa magolovesi a magetsi.

GogoWaMaLine

Ana anga ndalowererapo chifukwa ndinakwera mapolo zaka zambiri ndisanapume, mawondo ndi amene anandithamangitsa. Amfumu afotokoza bwino koma pali chinthu chimodzi anthu ambiri sachidziwa, chifukwa chake insuleta imakhala yamakwinya ngati siketi zosanjikiza. Sikukongoletsa ayi. Magetsi sadutsa mkati mwa dothi lootchalo, amafuna kukwawa pamwamba pake potsata madzi ndi fumbi. Ndiye opanga amatalikitsa njira, kuti kuchoka pa waya kukafika pa chitsulo magetsi akwere atsike akwere atsike, ndipo kunsi kwa siketi iliyonse kumakhala kouma ngati pakhonde ngakhale mvula ikhuthuke chotani. Kuwala kuja pamwamba ndi koti madzi asalowe m'dothimo ndi kuti fumbi lizitsuka lokha. Ikangosweka pakamwa nkuoneka zoyera za mkati, ife timachotsa, ngakhale ikuoneka ngati ikadali yolimba.

Mukamayenda pamsewu wa M1 yang'anani m'mwamba muziwerenga. Mawaya a m'makwalala olowa m'nyumba, 400 ndi 230 volts, ali pa tima shackle tating'ono, kapena masiku ano chingwe chakuda chopota chija cha ABC chomwe chimabwera chovala kale ndipo chimangopachikidwa pa ma clamp. Laini za 11kV ndi 33kV (kV imodzi ndi ma volts 1,000), zija zimapita ku thiransifoma, zili pa mainsuleta oima pa mtanda wa polo, pokhota kapena pothera laini mpomwe mumaona mbale zolumikizana ngati mkanda. Mphamvu ikamakula mbale zimachuluka, pa 33kV mupeza zitatu kapena zinayi, pa nsanja za 132kV zimayandikira khumi, nanga laini ya 400kV yochoka ku Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma ija mkanda wake ndi wautali kuposa munthu. Mbale zagalasi tinkazikonda chifukwa ikafa imaphwanyika yonse, uli pansi ukuona kuti pagweruka dzino apo, pomwe yadothi imatha kung'aluka mkati nkumaoneka yabwinobwino, laini ikugwa mvula iliyonse inu nkuyenda makilomita mutakweza khosi osaona kanthu. Zatsopanozi ndi zotuwa zija za silikoni, zopepuka, mwala suziswa msanga.

Za mwalazo ndinene. Adani athu akulu sanali mphenzi ayi, anali anyamata a malegeni ochokera koweta ng'ombe. Njiwa ikawathawa amapikisana kuti aswe mbale ndani, galasi likamwazika amaombera m'manja, usiku mvula kubwera mudzi wonse mdima, chigayo chaima, ife tikuwoloka dambo ndi makwerero paphewa. Ndinapezapo polo mutu wake utapsa nkusanduka khala chifukwa insuleta yosweka inkadontheza magetsi pa mtengo kwa masabata.

Komanso mukaona waya wokoka polo uja amapita pansi mopendekeka, pakati pake pali kanthu konga dzira. Imeneyonso ndi insuleta, ntchito yake ndi yoti laini ikakhudza waya wokokayo kumwamba, mbali yapansi yomwe ana amaseweretsa isakhale ndi moto. Mawaya awiriwo amakolana ngati unyolo dzira lili pakati, ndiye olo lisweke polo siligwa. Azimayi musamayanikepo zovala pamenepo chonde.

Inu a ku Mponela, bulugamu wakudimba wosathira mankhwala chiswe chimudya kunsi, mvula ya chaka chamawa adzagwa ndi mawaya omwe. Zimenezonso muziganizire.

Mphatso_Jozi

Ine ndili ku Johannesburg kuno timaika ma electric fence pamipanda ya azungu, insuleta ndiye chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku. Ndingochenjeza kuti mukapita ku hardware mukanena bobbin akhoza kukupatsani tapulasitiki takuda ta fence, si tomwe akunena Amfumu. Ta fence ndi topepuka, tinapangidwira kawaya kowonda, waya wolemera wokokedwa mamita 35 tikhoza kuthyoka. Fence imamenya ma volts masauzande angapo koma mwa kamphindi kochepa kwambiri, kamodzi pa sekondi, nchifukwa chake imakukankha osakupha, pomwe a m'nyumba ndi 230 chabe koma sasiya, amakugwira nkukusunga. Ndiye wina asaganize zolumikiza mpanda wa khola ku soketi kuti agwire akuba nkhuku, kumeneko ndi kupha munthu ndipo mukamangidwa.

Kuno tikamasaka fault timayenda madzulo nkumamvetsera, bobbin yong'aluka imalira thi thi thi, mumdima umaona kamoto ka buluu kakudumpha. Nthawi zina si yosweka nkomwe, ndi ukonde wa kangaude wanyowa ndi mame kapena buluzi wafera pomwepo. Tapulasitiki totchipa tosathira mankhwala oteteza ku dzuwa timayamba kutuwa kenako timafufuzika m'manja ngati bisiketi, nde waya wanu wa m'nyumba uja pa dzuwa la ku Dowa ndikumuonera patali.

NaBanda_Area25

Bambo a ku Mponela pepani ndi mwanayo, mwamuona bwino kuti sanapse penapake? Ife tinali ndi nkhani yofanana popita ku boys quarter, waya amadutsa pa mtengo wa mango atamangidwa ndi nsalu, tsiku lina mtsikana wantchito akuyanika zovala pa waya wina womangidwa pa mtengo womwewo anakuwa mpaka aneba kutuluka. Titaitana munthu wa mapepala ake anati zam'mwambazo tisiye, tinakumba ngalande yofika m'bondo nkukwirira armoured cable, chingwe cha magetsi chokutidwa ndi chitsulo, pamwamba tinayala njerwa kuti wolima asadzaiboole ndi khasu. Inawawa m'thumba tsiku limenelo koma mpaka lero sitinaganizekonso za mphepo, nthambi kapena lole ya mchenga kukola mawaya. Ngati pakati pa nyumba ndi khola palibe thanthwe ine ndikanakwirira

Amfumu_a_Pulayazi

Mayi NaBanda anena zomwe ndikanachita inenso pa mamita 35. Ngalande yakuya theka la mita kapena kuposa, mchenga pansi ndi pamwamba pa chingwe, ma gland oyenera, tomangira chingwe polowa m'bokosi, mbali zonse kuti chitsulo cha armour chilumikizidwe ku earth, ku khola kabokosi kake ka breaker ndi switch yosalowa madzi chifukwa m'khola mumatsukidwa. Mwaona kuti mnyamata wanu anakoka mawaya awiri okha, wofiira ndi wakuda, wa earth sanapite nkomwe?

Ngati ndalama yakana ndipo mukufuna m'mwamba momwemo, mapolo akhale othira mankhwala, atali moti ngolo ya ng'ombe yodzaza mapesi idutse munthu ali pamwamba osafikira, chingwe chikhale cha panja chopirira dzuwa, chogona pa ma shackle kapena chopachikidwa pa waya wachitsulo wonyamula kulemera kuti kopa asamakokedwe, ndipo polowa m'nyumba chipindike kaye pansi madzi azidontha asanafike pa khoma. Mukagula cha aluminiyamu musachipotere ndi kopa pamanja, ziwirizi zikanyowa zimadyana nkuchita ufa woyera, pali ma connector ake. Waya wakale uja musamubwezerenso olo kumumata tepi, ming'alu ili paliponse osati pa misomali pokha. Ndipo ntchitoyi apange munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mumufunse akuonetseni, akamaliza ayeze ndi megger, kachipangizo koonera ngati magetsi akuthawa pa waya, muone nokha nambala yake.

MlimiWaMponela

Zikomo nonse, Agogo mwandiphunzitsa zambiri, mawa ndikukwera minibasi ndiziwerenga mbale njira yonse mpaka ku Kanengo. Breaker ndazimitsa m'mawa uja, kenako ndinatsitsa waya pa polo lapakati, ndapeza wofiira wadyeka mbali imodzi kopa akuoneka wobiriwira, msomali wachita dzimbiri ndipo mozungulira pake mtengo wada ngati anazimitsirapo ndudu. Ndawaonetsa mayi a kunyumba sanayankhe kanthu angondiyang'ana. Mwana ali bwino Mayi NaBanda, palibe chilonda. Mababu ndi asanu osati anayi Amfumu kkkk. Anapiye usiku uno agona ndi mbaula ziwiri za makala ndasiya kampata kolowera mpweya, ngalande tiyamba Loweruka ndi alamu anga, kungoti pafupi ndi khola pali muzu wa mtengo wa mthethe sindikudziwa ngati tiulambalale kapena tingoudula.