N'chifukwa chiyani dambo la Kafue limadyetsa zamoyo zambiri kuposa nkhalango ya miombo?

Mayi Zulu, Chilenje:

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lusaka. Sabata yatha ndinkaphunzitsa za kudalirana kwa zomera, nyama, nthaka ndi madzi a pamalo amodzi, chimene mabuku athu amachitcha ecosystem, ndipo mtsikana wina anandifunsa funso limene likundizungulirabe m'mutu. Iye anati kumudzi kwawo kupitirira Chongwe kuli nkhalango ya miombo ya mitengo ikuluikulu, koma munthu angayendemo tsiku lathunthu osaona nyama, pamene kudambo la Kafue, kumene kuli udzu wokhawokha, kwadzaza ng'ombe, mbalame, nsomba ndi nyama zija zonga mbawala zotchedwa lechwe. Ngati chakudya chonse chimayambira ku zomera, bwanji malo a mitengo ikuluikulu sadyetsa zamoyo zochuluka? Ndinamuyankha mwachidule, koma mtima wanga sunakhutire, choncho ndikupempha odziwa kuti andithandize.

Bambo Mwale, Kabwata:

Amayi aphunzitsi, mwana ameneyo mumusamale, chifukwa wafunsa pamene pagona nkhani yonse. Pali kusiyana pakati pa zomera zimene zaima pamalo ndi zimene malowo amabereka chaka ndi chaka, monga mmene nkhokwe imasiyanira ndi munda. Thunthu la mtengo wa mombo ndi nkhokwe ya zaka makumi angapo, ndipo ndi nkhokwe yotseka, pakuti palibe ng'ombe kapena mbawala imene ingadye thabwa. Chimene nyama zingathe kufikira ndi masamba ndi udzu wa pansi pa mitengo, koma nthaka ya miombo ndi yakalekale, yotsukidwa ndi mvula, yosowa nayitirojeni ndi fosifolasi, kotero kuti udzu wake umakhwima msanga n'kusanduka mapesi opanda thanzi. Ngakhale mitengo yeniyeniyo, isanayoyole masamba m'chilimwe, imayamba yabweza mbali ya chakudya cha m'masambamo kulowa m'nthambi, ndipo chogwa pansi chimakhala chosauka.

Kudambo zinthu zili mwina. Pafupifupi udzu wonse umene mukuuona ndi wa chaka chomwecho, ndipo nyama ikaudya umaphukanso malinga ngati pansi pali chinyezi. Nkhokwe yake ndi yaing'ono, koma munda wake supuma. Muwakumbutsenso ana zimene katswiri wa sayansi Raymond Lindeman anafotokoza mu 1942, zoti mphamvu imachepa kwambiri pamene ikuchoka ku chomera kupita ku nyama yodya udzu, ndi kuchoka ku nyamayo kupita ku chilombo choidya. Mabuku ambiri amaika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 kuti ndilo limawoloka pa sitepe iliyonse. Ngati ndi choncho, kuchuluka kwa nyama kumadalira chakudya chatsopano chodyeka, osati kutalika kwa mitengo.

Bambo Sakala, Matero:

Ndikuvomereza zimene anena a Mwale, koma ine amene ndinakhala zaka zambiri ku Namwala, m'mphepete mwa dambolo, ndikuona kuti chinsinsi chachikulu ndi nthawi imene madzi amafika ndi nthawi imene amachoka. Mtsinje wa Kafue umatenga madzi ake ambiri kumpoto, ku Copperbelt, ndipo pofika m'dambo lalikululi, limene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 6,500, umayenda mwaulesi chifukwa malowo ndi athyathyathya. Kale madzi ankasefukira pang'onopang'ono n'kufika pachimake mvula ikutha, kenaka n'kumaphwa mwezi ndi mwezi, ndipo paliponse pamene aphwa pankatsala msipu wobiriwira pa nthawi imene kumtunda kwauma ndiponso kwapsa ndi moto. N'chifukwa chake Aila ndi Atonga amatsikira ndi ng'ombe zawo kudambo m'chilimwe kufikira lero. Ndowe za ng'ombe ndi za lechwe zimatsala pansi, madzi akabweranso amazisungunula pamodzi ndi udzu wowola, tizilombo ta m'madzi timachuluka, nsomba zimalowa m'udzu womizidwawo kukaswana, ndipo mbalame zimatsata nsombazo. Chilichonse chimadya chimene chinzake chasiya.

Zimenezi zinasintha m'zaka za m'ma 1970, pamene anamanga damu la Kafue Gorge kumunsi ndi la Itezhi-Tezhi kumtunda pofuna magetsi, amene ifenso a mu Lusaka timawadalira. Sindikunyoza magetsiwo, koma tiyenera kunena zoona kuti madzi anayamba kutsata kufunika kwa makina m'malo motsata nyengo. Malo ena amene ankauma anayamba kukhala omira chaka chonse, ena amene ankamira anasiya kumira. Omanga damu anadziwa za vutoli, n'chifukwa chake panaikidwa lamulo lotulutsa madzi ochuluka ku Itezhi-Tezhi m'mwezi wa Marichi, koma chigumula cha milungu yowerengeka sichingafanane ndi cha miyezi. Ku Lochinvar, malo osungirako nyama a m'dambomo, chitsamba chaminga chochokera ku America, Mimosa pigra, chinalanda malo aakulu a msipu. Lechwe za mtundu wa ku Kafue, zimene sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, zinali zoposa 90,000 kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, koma kalembera wa 2015 anapeza zosakwana 30,000, ndipo kupha nyama mopanda chilolezo kunawonjezera pa vutoli. Zimandipweteka, chifukwa ndinaziona ndi maso anga zikuthamanga m'madzi ofika m'mawondo.

Mayi Banda, Woodlands:

Abambo awiriwa afotokoza bwino za dambo, koma ndikuopa kuti mwanayo angachoke m'kalasi akuganiza kuti nkhalango ya kwawo ndi yaulesi, zomwe si zoona. Ntchito yaikulu ya miombo imachitika pansi pa nthaka ndi m'tizilombo, kumene munthu woyang'ana mbawala sangaione. Mizu ya mitengo imeneyi imakhala pa ubale ndi bowa, umene umaithandiza kupeza fosifolasi m'nthaka yosauka n'kulandira shuga kuchokera ku mtengowo, ndipo bowa umene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu wa Great East m'dzinja ndi chipatso cha ubale umenewu. Mukadula mitengo, bowa wotere umasowanso. Masamba ndi nkhuni zouma zimene ng'ombe singadye zimadyedwa ndi chiswe, ndipo pa chulu nthaka imakhala yachonde kuposa pozungulira, pomwe inswa zotuluka m'menemo zimadyetsa mbalame, abuluzi ndi ife anthu. Onjezanipo masuku, uchi ndi mphalabungu, muona kuti mphamvu ya m'nkhalango imangodutsa njira ina.

Palinso moto. Kafukufuku wa ku Ndola woyambira m'zaka za m'ma 1930, amene zotsatira zake anazifotokoza katswiri wa zomera Colin Trapnell, anasonyeza kuti moto wa kumapeto a chilimwe, ukamabwerezedwa chaka ndi chaka, umapha mitengo ya miombo, pamene moto woyatsidwa udzu usanaumitsitse suiwononga kwenikweni. Chitsa chotsala pootcha malasha chimaphukira ndithu, koma moto waukali ukachipeza chaka chilichonse sichikula. Ndipo ife a mu mzinda uno tisaiwale kuti madzi a m'zitsime zathu ndi a mtsinje wa Chalimbana amalowa pansi kudzera m'malo ngati nkhalango ya Forest 27 ya kum'mawa kwa mzindawu.

Mayi Zulu, Chilenje:

Zikomo kwambiri nonsenu. Fanizo la nkhokwe ndi munda ndilitenga Lolemba lomwe lino. Ndaganizanso zoti ana ayeze okha: tidzatchinga malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi kuseri kwa sukulu, amodzi pamtetete ndi ena pansi pa mtengo, tidzamweta udzu mwezi uliwonse kuyambira Disembala mpaka Epulo, tidzauumitsa padzuwa n'kuuyeza pasikelo. Amayi a Banda, ngati pali njira yapafupi imene ana angayezere masamba amene chiswe chimadya pa mwezi, chonde mundiuze mvula isanayambe.