Makamera a pashopu sakuoneka ndikachokapo: ndilipire adilesi yangayanga kapena pali njira ina?

Abale anga a m'gulu lino, makamaka inu odziwa za intaneti, ndikupempha nzeru. Ndili ndi kashopu kosokeramo zovala ku Rosettenville, konkuno ku Joni, ndipo ndinaikamo makamera anayi kuti ndikapita kumudzi ku Mangochi mu Disembala ndizikaona pafoni mmene ntchito ikuyendera. Ndikakhala m'shopumo pa Wi-Fi zithunzi zimaoneka bwinobwino, ngakhale ulusi wa pamakina, koma ndikangokwera takisi n'kuyatsa data, foni imangozungulira osatsegula kanthu.

Mnyamata amene anandiikira makamerawo anachita port forwarding (kutsegula njira yoti wakunja afike pa makamera) pa rauta, kabokosi ka Wi-Fi, koma sizinaphule kanthu. Kenaka anandionetsa kuti adilesi ya pa intaneti imene rautayo yalandira kuchokera ku kampani ya intaneti ikuyamba ndi 100.72, pomwe tsamba loonera adilesi likutchula nambala ina. Iye akuti imeneyi ndi CGNAT, kutanthauza kuti makasitomala ambirimbiri tikutulukira pa adilesi imodzi, ngati alendi a mumpanda wa geti limodzi: wam'kati amatuluka n'kubwerera, koma mlendo akafika pagetipo sadziwa chitseko choti agogode.

Chifukwa chake ndachimvetsa ndithu. Maadilesi a IPv4, omwe ndi a mtundu wakale, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, nkhokwe yaikulu ya IANA, bungwe logawa maadilesiwa, inatha mu 2011, ndipo mu 2012 manambala oyambira 100.64 kulekeza 100.127 anapatulidwira ntchito yomweyi. Chimene chikundiwawa n'chakuti polembetsa palibe anandiuza, ndipo lero akuti adilesi yangayanga ndiziilipira padera mwezi ndi mwezi.

Ndiye ndifunse. Kodi alipo amene anakwanitsa kuona makamera ake kudzera pa IPv6, maadilesi a mtundu watsopano, poti kumeneko maadilesi sasowa, nanga zidzatheka ndili kumudzi ngati netiweki ya foni kumeneko ili ya IPv4 yokha? Ena anditchulira Tailscale, pulogalamu yolumikiza zipangizo zako ngakhale zili kutali, koma bokosi lojambulira la makamera anga silingalandire pulogalamu imeneyi, choncho pafunika kakompyuta kena kosazima m'shopumo, ndipo magetsi akathima ndani akakayatsenso?

Kuwonjezera: achimwene amene mwalangiza DDNS (dzina lokhazikika lotsata adilesi yako ikasintha), zikomo kwambiri, koma tinayesa kale. Dzinalo limangoloza ku adilesi yogawana ija, imene ili m'manja mwa kampani, ndipo kuchoka apo palibe chimene chimafika pa rauta yanga.