Hositelo ya mabedi 24: ophunzira a pamwezi kapena alendo a pa usiku?

Nachisale analemba:

Moni nonse. Ndapeza nyumba ya lendi ya zipinda zisanu ndi chimodzi, khitchini yaikulu ndi mabafa atatu, ndipo ndikufuna kutsegula hositelo. Zipinda zinayi ndi zazikulu, chilichonse chitha kulowa mabedi 6 osanjikiza, ziwiri zotsalazo n'zazing'ono. Zinthu ziwiri zandiimitsa mutu. Ndilandire ophunzira olipira pamwezi, kapena alendo oyendayenda aja a zikwama zakumsana olipira pa usiku? Chinanso, eni nyumba akufuna tisainirane zaka 5, lendi yosasintha, koma kukonza mabafa ndi mawaya a magetsi kukhale kwa ine. Ndalama yomwe ndili nayo ndi yosunga ndekha, ngongole sindikuifuna. Inu amene munagwirapo ntchitoyi, phindu limatulukira pati kwenikweni?

Mbewe analemba:

Achemwali, ine ndimayendetsa hositelo ya alendo oyendayenda, ndiye ndiyankha za mbali imeneyo. Musawerenge zipinda, werengani mabedi ndi mausiku. Mabedi 24 pa masiku 30 akukupatsani 720, ndipo katundu wanu wa mwezi ndi ameneyo. Bedi limene lagona lopanda munthu usiku wathawu simungaligulitsenso mawa.

Tsono tengani pepala. Phatikizani zonse zimene mudzalipira kaya kubwere mlendo kaya ayi: lendi, malipiro a antchito, madzi, magetsi, intaneti, inshulansi. Kenako onani chimene chikutsala pa bedi limodzi usiku umodzi mukachotsa komishoni ya mawebusaiti okubweretserani alendo, kuchapa nsalu zoyala ndi sopo. Gawani chiwerengero choyamba ndi chachiwiri. Mukapeza 430, ndiye kuti muyenera kudzaza pafupifupi mabedi 6 mwa 10 alionse chaka chonse musanadye kanthu. Chikakwera kudutsa 500, ine ndingachite mantha, chifukwa alendo amabwera ndi nyengo.

Komishoniyo musaipeputse. Webusaiti yosungitsirapo malo ogona ya Booking.com imatenga kawirikawiri pafupifupi 15 peresenti, inzake ya Hostelworld nayo imadula gawo lake. Poyamba simungachitire mwina, ndi kumene alendo amakupezerani. Koma mlendo akafika n'kufuna kuwonjezera masiku, alipire kwa inu pa tebulo lolandirira alendo. Phindu lambiri lomwe ndimaona limachokera kwa anthu amene anabwerera usiku umodzi n'kukhala sabata, ndipo chimawasunga ndi khitchini yaukhondo, madzi otentha osadukiza ndi anzawo ocheza nawo madzulo.

Zipinda ziwiri zazing'onozo musathinitsemo mabedi osanjikiza. Ikani bedi limodzi lalikulu ndi loko wabwino. Chiyambire Airbnb, webusaiti yopezerapo zipinda za lendi m'nyumba za anthu, mu 2008, anthu oyenda awiriawiri anazolowera kugona paokha, ndipo chipinda chotero sichivuta kusesa, komanso chimapeza anthu ngakhale nyengo imene zipinda zogona ambiri zili mbee.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi lendi yanuyo. Kampani ya mahositelo ya Selina inayamba mu 2014 ku Panama, inakula msanga pochita lendi nyumba m'maiko ambiri n'kumazikonza, koma mu 2024 inagwa ndi ngongole. Lendi sidziwa kuti mwezi uno kunalibe alendo. Inu mukufuna kukonza mabafa ndi mawaya a nyumba ya eni ndi ndalama yanu yosunga, ndipo zonsezo zidzatsala m'khoma mukadzachoka. Akhazikeni pansi eni nyumbawo. Mwina zokonzazo zidulidwe pa lendi pang'onopang'ono, mwina lendi ikhale yotsika n'kuwonjezerapo gawo la zomwe mwapeza pamwezi. Ndipo mulembetse kuti mutha kutuluka pakatha zaka ziwiri mutapereka chidziwitso. Akakana zonsezi, nyumbayo si yanu, funani ina.

NaPhiri analemba:

A Mbewe anena zoona pa lendi, koma pa alendo oyendayenda ndikusiyana nawo. Kwa munthu woyamba kumene, wopanda ndalama yodikirira, ophunzira ndi abwino. Palibe komishoni, palibe kuchapa nsalu tsiku ndi tsiku, palibe kulemba munthu wodikira mlendo wofika pakati pa usiku. Mtengo wa bedi ndi wotsika ndithu, koma mumadziwa chimene chilowe teremu isanayambe. Lamulo langa ndi limodzi: teremu yonse ilipiridwe kiyi asanaperekedwe, pamodzi ndi chikole cha zowonongeka. Wophunzira akalowa ndi ngongole, kumutulutsa pakati pa mayeso mtima sulola, ndipo anzake amaonera pomwepo.

Vuto ndi tchuthi. Mabedi amakhala opanda anthu pomwe lendi ikuwerengabe. Ine nthawi imeneyo ndimalandira magulu: matimu a masewera, ana a sukulu a pa ulendo, anthu a misonkhano. Gulu limodzi limatenga nyumba yonse ndipo mumakambirana ndi munthu mmodzi. Ndipotu hositelo zinayamba chonchi. Mphunzitsi wa ku Germany, Richard Schirrmann, mu 1909 anaganiza zogoneka ana oyenda maulendo m'makalasi amene amakhala opanda anthu pa tchuthi, kenako n'kudzatsegula hositelo yokhazikika ku Altena.

Chokhacho musasakanize magulu awiriwa nthawi imodzi. Wina akufuna kuwerenga, wina akufuna kucheza mpaka kucha, ndipo onse adzakudandaulirani.

Mlonda wakale analemba:

Mayi, awiriwa akamba za ndalama zolowa, ine ndikambe zimene zimatseketsa hositelo. Nsikidzi: gulani mabedi achitsulo, matilesi akhale okutidwa, ndipo muziyang'ana m'misoko nthawi iliyonse mukusintha nsalu. Mlendo mmodzi akalemba pa intaneti kuti analumidwa, mudzavutika miyezi. Kuba: munthu aliyense akhale ndi kabati yake yokhoma. Moto: khomo lachiwiri lotulukira ndi zozimitsira. Funsaninso akuluakulu opereka ziphaso kuti nyumbayo ikuloledwa kugona anthu angati musanagule bedi ngakhale limodzi. Mabafa atatu pa anthu oposa 24 akhoza kukuchepetserani chiwerengerocho, ndiye masamu a a Mbewe aja asintha onse.

Nachisale analemba:

Zikomo kwambiri nonse. Ndachita masamu aja ndi mtengo wa alendo oyendayenda, ndapeza 510, ndiye pa lendi imeneyi sindisaina. Loweruka ndikakumana ndi eni nyumba, ndikapempha kuti za mabafa ndi mawaya zidulidwe pa lendi. A NaPhiri, magulu a pa tchuthiwo mumayamba kuwasaka miyezi ingati tchuthi chisanafike, nanga chikole mumawalipiritsa ngati ophunzira?