Pisitoni imodzi yasungunuka pa Ski-Doo yomwe ndangoikonza kumene

Makanika wa ku Manitoba, ku Canada: Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Pagalaja pomwe ndimagwira ntchito tinalandira snowmobile (kagalimoto koyenda pa chipale chofewa) yakale ya Ski-Doo, ya injini ya Rotax 600 ya masilinda awiri, yomwe mwini wake akufuna kukapikisana nayo panyanja youndana. Ndinaika mapisitoni atsopano, ndinatsuka makabuleta onse awiri a Mikuni, ndipo m'galaja inkalira bwino. Atangoithamangitsa mothera mphamvu kunja kukuzizira -30°C, inazima. Nditatsegula, ndinapeza pisitoni ya mbali ya kilachi itasungunuka cha kotulukira utsi, pamene inzake ili bwinobwino. Kodi ndalakwitsa pati?

Makanika wa ku Alberta, ku Canada: Achimwene, ndikukayikira majeti, timabowo ta m'kabuleta todutsamo petulo. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, choncho injini imakoka mpweya wambiri pamene kabuleta ikupereka petulo yemwe uja, ndipo injini ya two-stroke ikaperewera petulo imatentha mpaka kudya pisitoni. Jeti yomwe imayenda bwino m'galaja mofunda imachepa pa -30°C. Onani tchati cha kampani, muike main jet (jeti yopereka petulo injini ikamathamanga kwambiri) yokulirapo. Ife kuno tikamakwera m'mapiri timachita mosemphana, timachepetsa jeti chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka.

Mmisiri wamkulu wa ku Minnesota, ku America: Zomwe anena achimwene a ku Alberta ndi zoona, koma sizikuyankha chifukwa chomwe pisitoni imodzi yokha yapsa. Kuzizirako kunafika m'masilinda onse awiri. Ine ndikuona kuti mbali ya kilachi ikuba mpweya penapake, ndipo pa injini zakale wolakwa kawirikawiri amakhala seal ya crankshaft (labala wotchinga mpweya kumapeto kwa chitsulo chozunguzidwa ndi mapisitoni), kapena labala wolumikiza kabuleta ndi injini, yemwe amang'aluka akakalamba ndipo mng'alu wake suoneka pokhapokha mutamupinda ndi zala. Kodi munatsegula injini mpaka pansi pomwe pali crankshaft, kapena munangosintha zapamwamba monga mapisitoni? Musagule pisitoni ina musanayeze. Tsekani kolowera mpweya ndi kotulukira utsi, mupope mpweya m'injinimo mpaka geji iwerenge pafupifupi 6 psi, mudikire mphindi zingapo, ndipo muvi wa geji ukamatsika muwaze madzi a sopo, thovu lidzakuonetsani pobowoka. Kungokulitsa jeti pa injini yobowoka kumabisa vuto kwa masiku ochepa chabe.

Makanika wa ku Manitoba: Bambo, mwalasa. Ndinangosintha zapamwamba pofuna kumuchepetsera ndalama mwini wake. Ndayeza lero m'mawa, ndipo thovu latuluka kuseri kwa kilachi, pa seal penipeni. Labala wa kabuleta ali bwino.

Mmisiri wamkulu wa ku Minnesota: Ndiye tsegulani pansi ponse, musinthe ma seal onse awiri, ndipo muone ma bearing, chifukwa bearing yogwedera ndiyo imadya seal yatsopano. Aluminiyamu yemwe wamatirira m'silinda achotsedwe yense. Mukamanga, yezaninso ndi mpweya musanaibwezere injiniyo mu snowmobile. Za majeti musazitaye: yambani ndi yokulirapo, injini iyambe yatenthera, muithamangitse pang'ono pamalo omwewo a mpikisano, muizimitse nthawi yomweyo n'kuona mapulagi. Pulagi yofiirira ngati khofi wothira mkaka ndiyo yabwino, koma ikatuluka yoyera musamulole mwini wakeyo kuyikweranso tsiku limenelo.