Mchimwene wanga ali ndi digiri ya zisudzo, ngongole ya Loans Board yakwana nthawi, titani?

A Admin, chonde ndibiseni dzina, pagulu pano pali achibale.

Ndine mayi wa ku Area 25, ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka. Ndimasunga mchimwene wanga wamng'ono amene anachita digiri ya zisudzo ku Chanco, ku Zomba. Fizi ndi ndalama ya chakudya zonse ankadalira ngongole ya Loans Board, bungwe la boma lokongoza ophunzira a kuyunivesite, ine ndinkangothandiza thiransipoti ndi kathumba ka ufa. Pano zaka ziwiri zadutsa chimalizireni, ndipo anzake ayamba kumuuza kuti nthawi yobweza yakwana.

Si waulesi ayi, ndisamunamizire. Mabungwe amamutenga kupita ku Dowa kapena ku Mchinji kukachita masewero a kolera ndi a maukwati a ana. Akabwera amagula magetsi, nkhuku, ana anga nawonso amawapatsa ya sopo. Kenako miyezi n'kumapita ali phee pa khonde, foni m'manja. Tsiku lina iye ndi anzake anachita lendi holo m'tauni muno, anasindikiza maposita, anayeserera mpaka mawu kusasa. Ine ndinakhala pakhomo kugulitsa matikiti. Aliyense wobwera akuti "ndine mnzake wa director", wina akuti "ndingosuzumira". Atalipira holo ndi zokuzira mawu, aliyense anatsala ndi ya minibasi basi.

Amuna anga akuti apite ku Joni. Ine mtima sukulola. Alipo pano amene anaphunzira zimenezi ndipo akudya nazo? Nanga ngongoleyi adikire kaye ntchito yeniyeni kapena ayambe kuponya pang'onopang'ono?

Wina amene anaphunzira zomwezo: Achemwali, ine ndinadutsa momwemo, ndikuuzani mosabisa. Pa siteji palibe ndalama masiku ano. Nthawi ya Du Chisiza Jr ndi gulu lake la zisudzo la Wakhumbata, kapena gulu la Kwathu lili pachimake, anthu ankadzaza French Cultural Centre ku Blantyre chifukwa kunyumba kunalibe choonera. Lero munthu akuseka pa TikTok ndi bandulo ya tsiku limodzi, ndiye mumuuze akwere minibasi ziwiri kudzalipira pakhomo? Ife tinapulumukira ku Theatre for Development, zomwe ku Chanco amaphunzitsa bwino kwambiri: kukhala m'mudzi, kumva vuto la anthu, kulisandutsa sewero loti eni ake alowererepo. Mabungwe ngati CRECCOM ku Zomba ndi Story Workshop ku Blantyre ntchito yawo yagona pa luso limeneli. Koma ntchito zake sizilembedwa kuti "tikufuna wa zisudzo". Amalemba communications officer, community mobilisation, zoterozo. Mchimwene wanuyo asiye kudikira kuitanidwa ngati wosewera wa tsiku limodzi. Wosewera amalandira alawansi, amene analemba proposal ndi report ndiye amalandira malipiro a pamwezi. Chokhacho, chichokereni thandizo la USAID mu 2025 maprojekiti ambiri anatsekedwa, ndiye pakhomo pamenepo pali chimzere.

Bambo wa ku Kawale: Zaka zinayi kuyunivesite kukaphunzira kuseketsa anthu? Izeki ndi Jakobo ankagwetsa dziko lonse ndi phwete, sitinawafunsepo digiri. Mugulireni njinga ya kabaza ameneyo.

Mayi wa ku Area 49: Bambo inu, pitani ku depoti mukaone amene akhala m'tizikhumbi ta Airtel Money ndi Mpamba, mukawafunse mapepala awo. A accounting alimo, a agriculture alimo. Ulova sukusankha digiri. Mayiwa afunsa nzeru, sanafunse chipongwe.

Wogwira ntchito mu ofesi ya malipiro: Ndiyankhe za ngongoleyo. Loans Board inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo ngongole imayenera kuyamba kubwezedwa pakatha zaka ziwiri munthu atamaliza sukulu. Siyang'ana kuti unaphunzira udokotala kapena zisudzo. Ife olemba ntchito lamulo limatikakamiza kudula pa malipiro a amene anakongola n'kutumiza komweko, ndiye tsiku limene adzapeze ntchito ya pamwezi adzayipeza ikumudikira pa payslip. Asabisale. Ofesi yawo ili mu Lilongwe momuno, apite yekha, akafunse kuti yonse yafika pati ndi chiwongoladzanja chomwe, awauze kuti amadalira maganyu, agwirizane kabwezedwe. Akapeza ganyu ya ku Mchinji ija, asanagule nkhuku aponyeko kenakake ndipo asunge lisiti. Dzina likafika ku credit reference bureau, kumene amasunga mbiri ya ngongole za anthu, ngati munthu wosabweza, mawa akadzafuna ngongole ya kubanki yoti agulire kamera kapena zokuzira mawu adzavutika. Komanso taganizani: kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, mitengo yonse inakwera, koma ngongole yake ndi ya makwacha. Poyerekeza ndi mtengo wa belo yanu ya kaunjika lero, mwina si phiri monga akuiopera.

Mphunzitsi wa sekondale: Sukulu za private zimafuna anthu otere, makamaka ikayandikira mipikisano ya masewero ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a English. Aphunzitse English ndi Literature, masana agwire drama club. Malipiro si ambiri koma amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo ndi zimene ngongole imafuna. Akafuna za boma adzafunika pepala la uphunzitsi pamwamba pa digiriyo. Ngati amalemba yekha masewero, akalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, anthu amaba nkhani za anzawo kunja kuno.

Mnyamata wa ku Biwi: Nanga u-MC bwanji? Loweruka lililonse Lilongwe yonse ndi maukwati, ma bridal shower, zinkhoswe. Munthu wodziwa kugwira maiki ndi kusunga gulu sagona ndi njala. Malonda a pawailesi nawonso amafuna mawu abwino.

Mwini funso: Zikomo nonse, kupatula bambo a kabaza aja. Za u-MC mwandikhudza pabala. Anthu akutchalitchi amufunapo kangapo koma amakana, akuti iye sanapite ku Zomba kuti azikakuwa "perekaniperekani" anthu akuponya ma K200 m'lichero. Ndamuwerengera mayankho anu onse, wangoti "ndamva alongo", ndipo wavomera kupita ku Loans Board Lolemba. Achimwene munaphunzira zomwezo aja, kodi mungalole kuti ndikupezeni ku inbox muyankhule naye nokha? Za proposal zija akamva kwa ine wa kaunjika sazitenga.

Wina amene anaphunzira zomwezo: Bwerani ku inbox achemwali. Muuzeni atumize CV, komanso adziwe kuti ineyo suti yanga yoyamba ndinagula ndi ndalama ya u-MC.