Mwana wanga sakhuta, ndithandizeni nzeru

Ndibiseni dzina chonde. Ndimakhala ku Chipoka, ku Salima. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 5. Atabadwa anali lende, kulira kosamveka, kuyamwa osatha, moti ndinkachita kufinya mkaka n'kumamudonthezera ndi kapu. Lero zatembenuka. Tidya naye nsima ya usipa, ndikangocheuka ali pa mphika kukokota nkhoko. Dzana usiku ndinamupeza akubwira ufa wa mgaiwa m'ndowa. Wanenepa koma ndi wamfupi, timanja tating'ono.

Apongozi akuti ndinamusempha ine. Adokotala ku Lilongwe atchula matenda a Prader-Willi, akuti ndi za majini (tinthu tachibadwa timene timatengera kwa makolo) ochokera kwa bambo. Bambo ake atamva anangotuluka osayankhula. Kodi olakwa ndi iwo? Nanga njalayi ndiithetse bwanji?

Mayi wina wa ku Dwangwa: Si njoka zam'mimba zimenezo?

Mphunzitsi wa sayansi ku Nkhotakota: Mayi, musalozane zala. Mwana amatenga makromozomu (timaphukusi tosunga majini) 23 kwa mayi, 23 kwa bambo, koma majini ena amagwira ntchito a mbali imodzi yokha. Pa kromozomu 15 pali kachigawo kamene ka mayi kamakhala kotseka mwa tonsefe, kogwira ntchito n'ka bambo. Kakasowa, kapena mwana akatenga ma 15 onse awiri kwa mayi, ubongo sumva kuti mimba yadzaza. Kawirikawiri zimangochitika pathupi pakamayamba, popanda chimene wina wachita. Madokotala a ku Switzerland anafotokoza matendawa kale mu 1956. Bambowo muwawerengere zimenezi.

Namwino wopuma pantchito: Mwanangu, ndisakunamize, njala imeneyo siitha, timangoiweta. Minofu yake ndi yochepa, choncho thupi lake limafuna chakudya chochepa kuposa anzake. Ufa ndi shuga zikhale pa loko. Adye pa nthawi yoikika, mtanda waung'ono, chisoso kapena nkhwani wambiri, zobakabaka ayi. Osamumenya, si umbombo. Chenjerani: ana otere sasanza wamba ndipo ululu saumva msanga, ndiye mimba ikatupa kapena akasanza thamangirani kuchipatala. Akayezedwe shuga, ndipo ngati amaliza mkonono muwauze adokotala.

Mwini funso: Zikomo amayi. Loko ndigula mawa pamsika. Koma aneba amamupatsa mandasi pomumvera chisoni, apongozinso amamubisira mbatata m'nsalu. Amenewa ndiwauze bwanji osayambana nawo?