Zimene ndapeza pa njinga ya Giant Talon

Mwezi watha ndinafunsa ngati njinga yokwerera mapiri ya Giant Talon ingapirire njira za miyala, ndipo tsopano ndabwera ndi zimene ndapeza. Kampani ya Giant, yomwe inayamba ku Taiwan mu 1972, imapanga fulemu ya njingayi ndi aluminiyamu, choncho ndi yopepuka pokwera chitunda ndipo sichita dzimbiri ngati yachitsulo. Matayala a mainchesi 29 amadutsa bwino pamiyala ndi pamizu, ngakhale kuti msana umamvabe mabampu potsetsereka chifukwa chipangizo chochepetsa kugwedezeka chili kutsogolo kokha. Chimene chikundichititsa kuzengereza ndi mabuleki a mafuta: amagwira bwino ngakhale mvula ikugwa, koma si mmisiri aliyense wa pamsika amene angawakonze, ndiponso fulemu ya aluminiyamu ikathyoka, owotcherera wamba sangathe kuilumikiza.